Chotupa cha Bambo a Ida

Loweruka, 7 Meyi 1960

Amuna anga, bambo a Ida, afika kuno ku Lirangwe kuchokera ku Chileka, nkhope ngati adzalengeza maliro. Nkhani yake? Kachotupa ka pakhosi, kofewa, kosapweteka, ngati dzira la nkhunda. Akhala nako kuyambira tili pachitomero. Lero kasanduka matenda chifukwa kolala ya yunifomu sikutseka, ndipo bwana wa chipinda cha tiyi pabwalo la ndege wati azungu sangamwe tiyi akuona chimenecho. Akachotse, apo ayi ntchito yatha. Munthu wamkulu, kudzigwiragwira pakhosi tsiku lonse. Chimanga ndakolola ndekha.

Lamulungu, 15 Meyi

Bambo a Ida apita kutchalitchi atakulunga mpango m'khosi, dzuwa likuswa mtengo. Mpaka kupempha akulu ampingo awapempherere. Manyazi ine! Achimwene awo a Dickson akuti chipatala n'cha boma la Chitaganya, jakisoni wake amafula amuna. Amuna anga kumva zimenezo, mantha. Khadi la chipani m'thumba, koma akamva "Boyi!" liwiro ndi thireyi.

Ine kadontho kakuda ka kuchidendene kaja kakula, lero katuluka magazi panjira. Ndi chiputu chinandibaya chaka chatha. Ndamanga kansanza basi. Ndani wandimva ndikulira?

Lachiwiri, 24 Meyi

Sitima ya ku Blantyre. Okha sakanapita, ndawaperekeza ngati mwana wa sukulu. Nsapato zimene anandigulira pa Khirisimasi ndinazisenza pamutu kuti ndivale pofika. Phazi linakana kulowa. Ndinangokhala pansi pakhonde la chipatala, miyendo tambalale.

Dokotala anatsina chotupa chija, akuti ndi mafuta chabe. Mafuta! Mapemphero onse aja, kupempherera mafuta.

Podutsa pakhonde, dokotalayo anaima pamapazi anga. Anamasulitsa kansanza, kuyang'anitsitsa, kenako kundilowetsa m'chipinda. Anakhudza mwanabere amene wandituluka m'mphechepeche, n'kudula kachidutswa kuchidendene kuti akakapime. Azungu chidwi. Wodwala ali apo, iwo kulimbana ndi mapazi a mkazi wa mwini.

Lachisanu, 10 Juni

Mafuta a bambo a Ida anachotsedwa. Anakomoka atangoona singano. Kolala ikutseka tsopano, dziko lapulumuka.

Lero tinakamva zanga. A Solomon, amene amamasulira dokotala, anati, "Mayi, zotupa zina n'zongokhala, ngati cha abambowa. Zina zimayamba zaganiza kaye, tikazipeza zikuganiza timangosenda kakhungu. Chanuchi chinanyamuka kale ulendo."

Akuti ndi khansa. Akuti phazi lichoke, mwina n'kuchiimitsa. Mwina. Ndinafunsa ngati dokotalayo adzabwere kudzandilimira. Palibe anaseka.

Lamulungu, 19 Juni

Bambo a Ida sanabwerere ku Chileka. Ntchito imene anadulitsira khosi aitaya chonchi. Nzeru zake zimenezo? Akutonola chimanga, china m'dengu, chambiri pansi, nkhuku zili paphwando. Madzi akutunga okha, amayi a pachitsime kuwaseka, iwo osamva.

A Dickson anabwera kudzanena kuti Chitaganya chikufuna phazi langa. Chikalipange chiyani, msuzi? Ndisanatsegule pakamwa ndinangomva bambo a Ida akuti, "Achimwene, tulukani m'nyumba mwanga." Mawu amenewa ankawasunga kuti zaka zonsezi?

Chidendene chikununkha. Ida wayamba kukhalira patali. Wamng'ono, sindimuimba mlandu, koma zandiwawa.

Lachitatu, 22 Juni

Pabedi la chipatala. Akuti mawa m'mawa. Ida ali kwa amayi. Ndikuopa, ndilembe poti palibe adzawerenge.

Munthu wokomoka ndi singano uja ndiye wandisambitsa chilonda lero, osatsinzina, osagwira mphuno. Atatha anatulutsa nsapato za Khirisimasi zija. Anakhala pansi, kuzipukuta ndi mpango wa m'khosi uja mpaka mbee, n'kuziika pansi pa bedi. Zonse ziwiri. Akuti, "Mudzavale potuluka, mayi a Ida."

Kupusa kwake! Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwafunse kuti inayo ndidzavala pati, koma nditawayang'ana m'maso ndinangoti, "Ndidzavala."