Mgodi sunandiopse, koma thewera ndi ndege zandigwetsa ulesi

Aphungu,

Ndikulemba kalata ino nkhope ili pansi, chifukwa kuno ku lokesheni ya Rutendo anthu amandidziwa ngati munthu wosaopa kanthu. Ndisanayambe ntchito yowotcherera zitsulo ndinkakumba golide ku Connemara. Ndinkatsikira m'dzenje lakuda bii, chingwe m'chiuno, tochi pamphumi, anzanga ogwira chingwecho ali pamwamba kukangana za mpira. Sindinanjenjemerepo. Lero amene wandiimika mutu ndi kamunthu kosatha n'kuyankhula komwe.

Kamunthuko ndi mwana wanga Tadiwa, wa chaka ndi miyezi ingapo. Mayi ake, mkazi wanga Angeline, ndi nesi. Anapeza ntchito ku Mangalande ndipo ananyamuka atangomuletsa kuyamwa. Tinapangana kuti mapepala akatuluka, ine ndi mwana tidzamutsatire. Mapepalawo atuluka, ulendo ndi wa mwezi wamawa. Tsiku limene uthenga unafika ndinazungulira lokesheni yonse chifuwa chili patsogolo, kuuza aliyense, ngakhale osandifunsa, kuti ine ndi mnyamata wanga tikukwera ndege awiriwiri.

Chichokereni Angeline, amene akulera mwanayu ndi amayi anga, a Estere. Ine ntchito yanga yakhala kugula mkaka, kumuponya m'mwamba ndikaweruka, ndi kujambulitsa naye pafoni kuti mayi ake aone mmene ndikumusamalira. Amayi atamva ndikudzitama pageti anandiitana.

"Iwe, akuti upita naye wekha mwana uyu? Ukudziwa kuti thewera kutsogolo kwake ndi kuti?"

Ndinati, "Amayi, munthu wolumikiza mageti achitsulo ndingalephere kansalu?"

"Chabwino," anatero. "Loweruka upite naye ku Gweru kwa azakhali ako a Eluby. Wekha, pa kombi. Ukabwerako tidzakambirane za ndege."

Chikwama ndinalongedza ndekha, thandizo ndinakana. Ndinaikamo majuzi, chipewa, kagalimoto kake koseweretsa, mabisiketi ndi chaja ya foni yanga. Thewera ndinatenga limodzi lokha lapadera, poganiza kuti ku Gweru si ku Joni.

Poyamba m'kombimo, minibasi yathu ya kuno, zinkayenda bwino. Tadiwa anakhala pamiyendo panga akuyang'ana mitengo, ine ndikuyang'ana anthu kuti aone bambo wamakono. Titangofika pa Connemara penipeni, malo amene ndinatchukirapo kulimba mtima, mwana anangoti zii. Nkhope inafiira, maso anatong'oka. Kenako panamveka phokoso limene ngakhale wailesi ya dalaivala inalephera kulibisa. Hwindi, kondakitala wa kombiyo, anatsegula windo. Ndinamva kutentha pantchafu, ndipo nditayang'ana ndinapeza buluku langa lopita nalo kutchalitchi latha ntchito.

Ndinayesa kumusintha pomwepo galimoto ikuthamanga. Aphungu, sindinadziwe kuti mwana ali ndi miyendo yambiri chonchi. Ndikagwira uwu, winawo wandimenya pachibwano. Thewera latsopano lija ndinalimata chammbuyo, pomatula linang'ambika, kenako linagwera pansi pomwe panatayikira madzi a nsomba za munthu wina. Apo ndiye Tadiwa anatsegula kukhosi. Anakuwa "Gogo! Gogo!" akundikankha pachifuwa, manja atatambasulira mayi wina wachikulire wa duku loyera amene anakhala pambali pathu.

Mayiwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa m'Chishona, "Mwana uyu ndewenyu here, baba?" Ati, kodi mwanayu ndi wanudi?

Anthu onse m'kombimo anatembenukira kwa ine. Bambo wina kumbuyo anati, "Masiku ano ana akubedwa. Mwana wodziwa bambo wake salira chonchi." Ndinamva dalaivala akuchepetsa liwiro. Ndinalumbira, ndinatchula dzina la mwana, la mayi ake, la tchalitchi chathu, koma mwini wakeyo anapitiriza kundikana ndi mphamvu zake zonse. Mapeto ake ndinaimbira amayi pa vidiyo, foni n'kuipereka kwa mayi a duku aja. Amayi anga anayang'ana mwana, anayang'ana ine ndi buluku langa, n'kupuma kaye ngati akuganizira ngati andivomere.

"Ndi mwana wake ndithu," anatero. "Kungoti sanadziwanebe."

Anthu anaseka mpaka hwindi anagwira chitseko. Mayi aja anamulanda Tadiwa, anamupukuta, anamukulunga m'chitenje chawo, iye n'kugona pachifuwa pawo mpaka ku Gweru. Ine ndinanyamula chikwama. Pobwerera azakhali a Eluby anatiperekeza mpaka pakhomo, ati ankafuna kudzaona amayi, koma tonse tinkadziwa chifukwa chake.

Tsono taganizani, Aphungu. Umenewo unali ulendo wongopita ku Gweru, pomwe ukhoza kukuwa kuti dalaivala aime. Uwu ukubwerawu akuti tidzakhala m'mwamba usana kapena usiku wathunthu, n'kutsika m'dziko lina, n'kukweranso ndege ina. Ine ndege sindinakwerepo. Za pansi pa nthaka ndimazidziwa, koma m'mwamba sindinapitirirepo denga la nyumba. Mnzanga Givemore akuti ndisadandaule, ndingomumwetsa mwana mankhwala a chifuwa ogonetsa aja, adzadzukira konko. Mayi wina kutchalitchi akuti makutu a ana amaphulika m'mwambamo. Amayi anga akuti ndisiye zonse, tidikire Angeline adzapeze tchuthi chaka chamawa adzamutenge yekha.

Koma chimene chikundiwawa kwambiri ndi ichi. Angeline akaimba pa vidiyo, Tadiwa amabisa nkhope pachifuwa cha agogo ake. Sabata yatha mkazi wanga anandifunsa kuti, "Baba Tadiwa, ndikadzatambasula manja pabwalo la ndege iye n'kundikana, ndidzatani?" Ndinayankha mokweza kuti sizingatheke, mwana sakana kholo lake. Ine amene, wokanidwa pamaso pa kombi yodzaza! Za ku Gweru zija sindinamuuze, ndikuopa kumuwonjezera nkhawa.

Ndithandizeni. Ndipite kapena ndimvere amayi? Ngati n'kupita, mwana ameneyu ndikamutani m'mwambamo? Ndasaina ndi zilembo zokha, ngakhale ndikudziwa kuti ku Rutendo palibe amene sandizindikira, poti hwindi uja nkhaniyi waifikitsa kale paliponse.

M.S., Rutendo, Redcliff

Bambo a Tadiwa,

Mundikhululukire, ndaseka mpaka misozi. Koma nditafika pa mawu a amayi anu aja ndinasiya kuseka, chifukwa iwo akuuzani kale matenda anu. Vuto si ndege. Vuto ndi lakuti mwana wanu amakudziwani ngati mlendo wosangalatsa wobwera madzulo, osati ngati munthu wothawirako zikavuta.

Pitani. Musadikire chaka chamawa. Mwezi uliwonse umene ukudutsa, mwanayo akutalikirana ndi mayi ake, ndipo akamakula m'pamenenso kusiyana ndi agogo ake kudzamupweteke kwambiri. Koma ulendo wanu uyambe mawa, m'nyumba mwanu momwemo. Pemphani amayi akhale pampando, akulangizeni ndi pakamwa pokha. Kumusambitsa, kumudyetsa phala, kumusintha, kumugoneka, zonse muzichita ndinu. Adzalira, adzaitana Gogo, ndipo amayi adzafuna kudzuka. Apempheni apirire. Phunziraninso kumubereka kumbuyo ndi chitenje, ngakhale anyamata a pashopu yowotcherera akusekeni. Pabwalo la ndege padzafunika manja onse awiri. Ulendo wa ku Gweru uja muubwereze, ndipo muubwerezenso, mpaka tsiku limene mudzabwereko popanda woperekeza.

Za ndegezo si zovuta monga mukuganizira. Imbirani a kampani ya ndegeyo tsopano lino, muwauze msinkhu ndi kulemera kwa mwana. Ndege zambiri zoyenda mtunda wautali zili ndi kabedi ka mwana kokoloweka kukhoma, koma Tadiwa akhoza kukhala atakapitirira, ndiye funsani. Ngati sakwanamo, pemphani mpando wa m'mbali mwa kanjira kuti muzitha kuimirira n'kumayenda naye. Afunseninso mapepala amene adzafunike podutsa, kuphatikizapo m'dziko lomwe mukasinthire ndege. Kuwonjezera pa pasipoti yake, tengani setifiketi ya kubadwa ndi kalata yosainidwa ndi mayi ake yovomereza kuti muyende naye. Funso la mayi a duku lija mukhoza kudzafunsidwanso ndi munthu wa yunifomu, ndipo iye sadzakhutira ndi foni ya kwa amayi.

Chikwama cholowa nacho m'ndege mulongedze limodzi ndi amayi, mwaulemu, mutavula ukatswiri wa zitsulo. Matewera akhale ochuluka mpaka inu muone ngati mwapenga, kenako muwonjezerepo. Muikemo zopukutira, timapepala tapulasitiki tomangiramo zonyansa, zovala zake zosinthira, ndi zanunso, shati ndi buluku. Chifukwa chake mukuchidziwa kuposa ine. Mkaka ndi chakudya cha mwana amalola kulowa nazo, angozipima pachipata. Mutengere zomwe anazolowera kunyumba, si tsiku loyesa zatsopano. Kansalu kamene amagona nako musakachape, fungo la kunyumba limatonthoza mwana kuposa choseweretsa chilichonse. M'chimbudzi cha m'ndege muli kathabwa kotsitsa kosinthirapo mwana, ndiye za pamiyendo zija zithere pa Connemara.

Makutu saphulika. Amangotsekeka n'kumawawa ndege ikamakwera, makamaka ikamatsika. Mankhwala ake ndi kumeza, choncho nthawi zimenezo mupatseni botolo kapena kapu yake aziyamwa. Ngati ali ndi chimfine masiku oyandikira ulendo, kamuonetseni kuchipatala musananyamuke. Ndege ikayamba kugwedezeka khalani pansi, mumange lamba wanu ndi kalamba ka mwana ngati akupatsani, muyang'ane nkhope za ogwira ntchito m'ndegemo. Mudzaona akupitiriza kucheza ngati ali kukhitchini. Auzeni polowa kuti ndi ulendo wanu woyamba ndipo muli nokha ndi mwana. Bambo wonena zoona chonchi amathandizidwa msanga kuposa wodzionetsa kuti akudziwa zonse. Tadiwa adzalira ndithu, ndipo ena adzakwinya nkhope. Asiyeni. Akangotsika sadzakukumbukirani, ndipo m'ndege mulibe hwindi wa ku Rutendo.

Tsopano za mayi a Tadiwa. Auzeni nkhani ya mu kombi, yonse, ndi buluku lomwe. Adzaseka, ndipo akufunika kuseka. Kenako muwauze zoona zimene munawabisira: mwana akhoza kudzawakana pabwalo la ndege. Si chidani, ndi msinkhu wake, ndiponso adzakhala atatopa. Asadzamulande m'manja mwanu. Adzayambe akumbatira inu mwana akuona, akhale pafupi, ayankhule naye pang'onopang'ono, amupatse chakudya ali pamiyendo panu. Kwa ana ena zimatenga madzulo amodzi, kwa ena masabata. Mwana wotsika ndege wopanda agogo ake, m'dziko lozizira, pakati pa nkhope zachilendo, adzasowa munthu mmodzi amene amamukhulupirira. Munthuyo akakhala inu, adzapita kwa mayi ake kudzera m'manja mwanu. Mukapanda kukhala inu, adzafika kumeneko alibe aliyense.

Musaiwalenso amayi anu. Akamati dikirani chaka chamawa, si thewera lokha limene akuganizira. Akuona nyumba imene itsale zii. Asadzangodzuka mwana palibe. Atsanzikane bwino, mwanayo aone agogo ake akumubayibitsa akumwetulira, ndipo mukonzeretu kuti azakhali a Eluby adzakhale nawo masiku oyambawo.

Chenjezo langa ndi pa malangizo a Givemore. Musayerekeze. Mankhwala ogonetsa aja ndi oopsa kwa mwana wamng'ono chonchi, amatha kumufooketsa kupuma, ndipo ana ena m'malo mogona amachita kulusa. M'mwamba mulibe chipatala choti muthamangireko. Musamumwetse chilichonse chimene dokotala sananene, ndipo mkazi wanu ndi nesi, mufunseni iyeyo, osati anzanu a pashopu.

Mawa m'mamawa Tadiwa akadzuka atanyowa n'kuyamba kuitana Gogo, musatembenukire kukhoma. Dzukani ndinu.

Aphungu