Za Bambo Ndamva kwa Makina

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana muli bwino, ndiponso kuti mwendo wa amayi uja wasiya kutupa. Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Ntchito ija ndikupitiriza. Paja munkandiseka kuti ndimalera kompyuta ngati khanda, ndipo simunaname kwenikweni. Makinawa amawerenga zolembedwa pa intaneti osapuma, n'kumatola mfundo: wakuti ndi dokotala, mzinda wakuti uli m'dziko lakuti. Ife timakhala m'chipinda chopanda mawindo, titavala majuzi chifukwa cha kuzizira, n'kumadina batani kuti iyi ndi yoona, iyi ndi yabodza. Nthawi zina amabalalika ndithu. Tsiku lina anatsimikiza kuti ndolo ndi chipatso.

Lachiwiri lapitali, pa nthawi yopuma, ndinapukwa kwathu ndipo ndinalemba dzina la bambo, kungofuna kuona ngati makinawa amawadziwa. Ndinkati ndikawaseketse nazo pafoni. Anayankha kuti bambo anali telala, ankaimba besi m'kwaya ya kutchalitchi kwathu, ndipo anamwalira mwezi wathawu. Ndinaseka, n'kuuza mnzanga wa tebulo loyandikana kuti lero abalalikanso. Iye anati titsegule tsamba limene atolapo nkhaniyo. Linali tsamba la kwaya. Pachithunzi ndinaona bokosi la maliro, ndinaonanso inuyo mutagwira amayi pamkono, mutavala diresi lomwe ndinakutumizirani.

Achemwali, mwezi wonsewu ndakhala ndikuimba foni. Ndikafunsa bambo, mumati agona, kapena apita kukagula ulusi. Tsiku lina mpaka munati, "Akuti usadandaule za kuno, uzilimbikira ntchito." Mawu amenewo munawatenga kuti?

Ndikudziwa kuti mudzati munkaopa kuti ndisiya ntchito n'kuthamangira kwathu mapepala anga okhalira m'dziko lino asanakonzeke. Mwina ndikanaterodi, koma wosankha ndinali ine. Mwandimana maliro a bambo anga, ndipo ndakukwiyirani kwambiri. Anthu osawadziwa n'komwe analemba mawu opepesa patsambalo, makina opanda magazi anadziwa, pamene ine mwana wawo ndinali m'sitolo kuwasankhira nsapato.

Pempho langa ndi limodzi. Mundilembere zonse: anadwala chiyani, anali ndi ndani pomaliza, ananditchula kapena ayi. Ngati sananditchule, munene choncho. Musandikometserenso chilichonse.

Mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti ndadziwa, asadzigwirenso ndikaimba. Moni kwa alamu, kwa amalume ndi azakhali, amene onse anasunga chinsinsichi mwaluso, komanso kwa ana. Dzanja linayamba lokha kulemba moni wa bambo monga mwa masiku onse. Mukaona pofufuta m'munsimu, mudziwe kuti ndi pamenepo.

Ndine mng'ono wanu,
Chitsirizira wa bambo