Boti la Bambo Lang'ambika

14 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi mwana. Kuno tilipo. Amayi mwendo uja ukuwavutabe kukazizira, koma akuyenda. Bambo akudya pang'onopang'ono. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni inu mumalankhula mofulumira, ine ndimangoti inde, inde, mpaka mayunitsi atha ndisananene chimene ndimafuna.

Nkhani yake ndi ya boti la bambo. Mutabwera chaka chatha munati tiligulitse kwa ophika buledi likhale nkhuni, poti latha zaka zitatu litagona chafufumimba kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Ine ndinangoyang'ana nkhope ya bambo. Inu mutapita ndinawauza kuti, "Bambo, ndilikonza ine, mudzalionanso likuyandama." Anati ayi. Koma mukudziwa kuti sitiroko inawasiyira mawu amodzi okhawo. Tiyi amene akumufuna amati ayi, inu mukaimba foni amati ayi. Tsiku limenelo maso awo ndi amene anavomera.

Ndalama zogulira matabwa atsopano ndinalibe, ndipo kukupemphani inu sindinafune. Ndikadali kutsuka mbale kumalo odyera aja a pa siteshoni ya basi, ndiye ndikaweruka masana ndinkapita ku boti. Penti yakale ndinaipala ndi chidutswa cha botolo. Misomali ndinakatola pamene ankagwetsa sitolo yakale, n'kumaiwongola umodziumodzi pa mwala. Phula anandigawira anthu okonza msewu, nditaima pambali pawo ndi chitini pafupifupi ola lathunthu osanena kanthu, mpaka mmodzi anafunsa kuti, "Achemwali, mukudikira basi kapena mwamuna?" Amayi nawonso sanandisiye. Ankati, "Anzako akupeza mabanja, iwe ukwatiwa ndi botili? Bola silimwa mowa."

Chimene chinandiopsa ndi mipata. Dzuwa linaumitsa matabwa moti pakati pa thabwa ndi linzake pena chala changa chaching'ono chinkalowa. Ndikakwawira pansi pake ndinkaona kuwala mizeremizere. Ndinati apa madzi adzadutsa ngati m'sefa. Ndiye ndinaganiza nzeru zanga. Ndinaphwasula bedi lanu lakale lija, mundikhululukire, n'kusema timitengo tosongoka tambirimbiri, n'kutikhomera m'mipata monse mwamphamvu kuti ngakhale singano isalowe. Pamwamba ndinamata phula. Zinanditengera masabata asanu.

Padoko pali mmisiri wa maboti uja anthu amawatcha a Msomali chifukwa chowonda. Kawiri ndinapita kuti ndikawafunse ngati ndikuchita bwino. Kawiri konse ndinapeza amuna ambiri atakhala pa maukonde akuseka nkhani zawo, ndipo ndinangodutsa ngati ndatumidwa kwina.

Masana aliwonse ine ndi amayi tinkawatulutsa bambo pa mpando wawo, kuwakhazika pamthunzi pafupi ndi boti kuti azionerera. Ndikamakhoma timitengo tija ankati ayi, ayi, ayi, akumenya ndodo pansi. Ine ndinkati akundilimbikitsa. Tsiku lina anatenga kapu yawo ya madzi ndi dzanja lamoyo lija n'kukhuthulira pa thabwa. Amayi anawakalipira ngati mwana, ine ndinathamanga kupukuta ndi nsanza kuti phula lisakane kugwira. Bambo anatembenukira kukhoma. Tsiku limenelo sanadye.

Sabata yatha Lolemba asodzi asanu ndi mmodzi anandinyamulira botilo kutsikira nalo kudoko. Ndinali nditalipaka penti yobiriwira imene abwana anga anatsala nayo atapenta khitchini. Bambo sitinawatenge. Ndinafuna ndiyambe ndaona ndekha, iwo adzabwere Lamulungu. Linayandama, achimwene. Silinalowetse ngakhale dontho. Msodzi wina analigogoda ndi chala n'kunena kuti, "Mwana wa mkulu uja ameneyu? Ali ndi manja." Ndinalimangirira n'kubwerera kunyumba ndikuyenda ngati ndavala nsapato zatsopano.

Lachinayi ndinalipeza lamira, kukuoneka mphuno yokha. Titalikokera kumtunda tinaona kuti matabwa atatu a pansi apindika n'kuzuka pa misomali, nthiti ziwiri zathyoka. A Msomali anabwera okha. Anagwada, n'kusolola kamtengo kamodzi.

"Ichi n'chiyani?"

"Bedi la achimwene," ndinatero.

Anthu anaseka, koma iwo sanaseke. Anati, "Mwanawe, boti louma sitilitseka. Timayamba talimwetsa. Umalithira madzi sabata yathunthu, kapena kulimiza dala, matabwa amatupa, mipata imadzitsekera yokha. Potsalapo ndi pamene umaika thonje lofewa ndi phula. Iwe unadzaza malo amene thabwa limafuna kutupira. Ndiye likanapita kuti?" Anakaponya pansi kamtengo kaja, n'kundiyang'ana. "Zimenezitu anandiphunzitsa ine ndi bambo ako. Sanakuuze?"

Ndinangokumbukira kapu ija, ndi mmene ndinapukutira msangamsanga.

Achimwene, anandiuza. Masabata asanu akhala akundiuza tsiku lililonse, ine ndikuwamwetulira ndi nyundo m'manja. Munthu amene anapanga botilo ndi manja ake anakhala pa mpando n'kumaonerera mwana wake akuliwononga, alibe pakamwa pomuletsera. Ndikanangotsegula pakamwa panga ine, pamene ndili napo, n'kufunsa funso limodzi padoko paja, bwenzi Lamulungu lapitali ataliona pamadzi.

Palinso china chimene ndinalakwa. Nditabwerera kunyumba ndinawauza bambo ndi amayi kuti boti lili bwinobwino, likuyandama, kungoti mphepo yachuluka ndiye tidikire. Ndinanama masiku anayi. Amayi mpaka anayamba kuwerengera nsomba zimene tizidzalandira tikabwereketsa botilo kwa asodzi. Iwo ndinawauza zoona dzana. Anangoti, "Bedi linali labwinotu lija," n'kulowa m'chipinda.

Bambo ndawauza dzulo ndikuwameta ndevu, chifukwa pometa sindifunika kuwayang'ana m'maso. Ndinanena zonse, za timitengo, za nthiti zothyoka, za mawu a a Msomali. Sopo anayamba kuuma pa tsaya. Kenako anandigwira dzanja, n'kulitembenuza, n'kumayang'ana matuza ndi phula limene lakanirira m'zikhadabo. Atatero anatenga ndodo n'kuloza njira ya kudoko. Ndinati, "Bambo, ndi long'ambika, lili pamtunda, palibe choti mukaone." Analozanso.

A Msomali akuti alikonza ndipo ntchito yawo sadzalipiritsa, koma matabwa oyenera ayambe apezeka, n'kuuma, ndiye pangapite miyezi iwiri kapena itatu. Anamwino amene amabwera kudzawaona bambo anati mankhwala ena aja tisawavutitse nawonso, tiziwapatsa chilichonse chimene akufuna. Amayi akuti imeneyo ndi nkhani yabwino. Ine sindinafunse tanthauzo lake.

Chimene akufuna ndi kupita kudoko. Njira yake mukuidziwa, masitepe aja ndi ambiri, amayi ndi mwendo wawo sangathe, ndipo ine ndekha sindingawanyamule. Aneba awiri anadzipereka lero m'mawa, koma bambo anagwira chitseko osachisiya. Sakufuna kunyamulidwa ndi anthu amene kale ankagula nsomba kwa iwo.

Amayi akupereka moni, akuti mwanayo muzimuveka chipewa. Alamu muwapatse moni wanga, muwauze kuti diresi lija linandikwana. Musatumize ndalama za matabwa, zimenezo ndiona ndekha. Pemphani masiku awiri okha kuntchito. Mudzagona pa mphasa poti bedi kulibe, koma ndidzakuyalirani bulangeti langa. Bambo sakulemeranso ngati mmene munawasiyira. Inu mudzagwira mpando kumbuyo, ine kutsogolo.

Musadikire Disembala.

Ndine mlongo wanu,
uja mumamutcha Kachetechete