Mdzukulu wanu ndi tichipi ta mageti

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Ife kuno ku Joubert Park tilipo. Ndachira, Amayi, mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni. Tsabola munadzala m'chitini pakhonde uja wabereka. Koma mdzukulu wanuyu watuluka chikuta wopanda dzina, ndipo mukamva chifukwa chake mulavula.

Paja munasiya achimwene a Daisoni ndi mkamwini wanu a Lemani atatsegula kashopu kokonza mageti amagetsi a azungu. M'bokosi la geti mumakhala chipi, kanthu kakuda kamiyendo ngati bongololo, kamene kamauza geti kuti tseguka, tsekeka. Ndiye tichipiti tili ndi mafuko. Achimwene amalumbirira 8051, ati miyendo ndi yambiri, ungalumikizeko belu ndi nyale zomwe, komanso sikasowa m'masitolo. A Lemani anafera 6805, ati nkakang'ono, nkotchipa, geti silifuna nzeru zoulutsira ndege. Ine wowotcherera miyendoyo ndi mtovu sindiona kusiyana, zala zimapsa chimodzimodzi.

Anthu andevu zawo, Amayi! Anapikisana, aliyense kuika kake panyumba ziwiri zoyandikana ku Midrand, ati aone kamene kapirire dzinja. Mphenzi za ku Joni mukuzidziwa. Inagwa imodzi, tichipi tonse tiwiri tinapsa, mzungu wina mpaka anachita kudumpha mpanda wake womwe popita kuntchito. Ndimati basi achita manyazi. Ayi ndithu, aliyense akuti mnzake ndiye analumikiza molakwa waya wopita pansi. Shopu agawana, ndi sikuludiraiva yomwe.

Tsono achimwene, eni mbumba, amene munawasiyira udindo wotcha ana anga maina, akuti sapondanso pakhomo pa munthu wa 6805. Ndinakwera masitepe a fulati yawo thupi lisanabwerere, khanda kumanja, iwo nkuyamba kundijambulira miyendo ya chipi papepala. Nkhope ya mwana sanaiyang'ane nkomwe. Munkati chibale ndi fupa, sichiola. Ili lafumbwa, Amayi, ndipo ndanyansidwa nawo onse awiri.

Ndiye dzulo ndamutcha ndekha. Ndi Esinati, dzina lanu. Ngati ndalakwira mwambo, mukakalipire mwana wanu wamwamunayo kutulo, osati ine.

Ndimakukondani, Amayi. Esinati akayamba kuyenda ndidzabwera naye pamanda panu tidzalambule awiriwiri. Amunawo atsale ndi abongololo awo.

Ine mwana wanu,
Malita