Tsiku limene wailesi ya kuthanki inakhala chete

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Ife tilipo, koma amayi sakudya kwenikweni chiikireni maliro.

Telegalamu ija sinanene zonse. Paja m'mawa uliwonse bambo ankaitana ofesi ya madzi ku Ntcheu pa wailesi ya kuthanki ya paphiri imene ankayang'anira, kunena pamene madzi afika, ngakhale zonse zili bwino. Lachiwiri lija sanaitane. A Maseko a kuofesiko anati, "Akulu aja saphonya, tiyeni tikaone." Anakwera phiri nawapeza bambo atagwa pambali pa paipi, akupumabe, ndipo anabwera nawo kunyumba. N'chifukwa chake bambo anatsirizikira pakhomo, amayi atawagwira dzanja. Ndikuyamika Mulungu.

Chonde mudzawagulire a Maseko chikhoti. Chawo anafunditsa bambo, ndipo amayi akugona nachobe.

Ambuye akusungeni mumgodimo.

Mlongo wanu,
Nachisale