Galimoto Yakonzeka, Koma Abambo Sanyamuka

Unit O, Seke
Chitungwiza
4 Novembala 2024

Okondedwa Achemwali a Sofia,

Ndikupereka moni kwa inu ndi kwa alamu m'dzina la Ambuye wathu. Kodi muli bwanji kumudziko? Mwendo munkadandaula nawo uja unaleka kutupa? Ife kuno tilipo, koma sindinena kuti tili bwino, chifukwa likhala bodza.

Cholinga cha kalata ino ndi kukudziwitsani chimene chinalepheretsa abambo kufika kwanu pa 27 Okutobala monga tinapangana, ndiponso kukuuzani chimene banja latsimikiza dzulo. Nkhaniyi ikukhudza inu koposa wina aliyense. Pa lamya ndinangoti abambo adwala pang'ono. Sindinanene zonse. Ndasankha kulemba kuti ndifotokoze mwa ndondomeko, komanso kuti mbali yanga ya kulakwa ndisaibise.

Mukudziwa kuti chiyambire mwezi wa Julayi abambo akhala akunena chinthu chimodzi chokha, kuti akufuna akaone mudzi wawo ndi mwana wawo woyamba maso asanatseke, ndipo ngati Mulungu alola, akagone pafupi ndi mayi awo. Ali ndi zaka 86, ndipo kumudzi anapondako komaliza mu 1993. Pa mpando wa basi sangakhale, chifukwa msana ndi chifuwa siziwalola. N'chifukwa chake tinagwirizana kuti mng'ono wathu Sunday awatenge pa galimoto yake yakale ija, yokwera, yokoka ndi mawilo onse anayi, imene amayendera m'misewu ya kumafamu. Tinachotsa mipando ya kumbuyo n'kuyalamo matiresi kuti ayende chogona.

Pa 5 Okutobala Sunday analowa pansi pa galimotoyo kuti aone ngati zonse zili bwino. Anapeza kuti paipi yotulutsa utsi, imene amakaniko amati ekizozi, yadyeka ndi dzimbiri ndipo ikungolendewera pa waya. Pamenepo ndinakumbukira zimene munalemba m'kalata yanu ya mu Seputembala, kuti pa mtsinje wa Nankhungu mlatho unakokoloka, kuti madzi amafika m'mawondo ngakhale m'chilimwe, ndipo tsidya linalo kuli miyala yokhayokha.

Tinapita kwa a Naison, Mshona wa ku Unit D amene amawotcherera zitsulo kuseri kwa mashopu. Iwo atamva za msewuwo anati paipi yogula m'sitolo imalendewera ngati bere la mbuzi, ndipo tidzaisiya pa mwala woyamba. Anati ndi bwino apinde yawo, yoyenerana ndi galimotoyo, yokwera m'mwamba. Tinavomera. Ine ndinawauza kuti ndidzawalembera pa pepala zonse zofunika, pakuti ntchito yongouzana pakamwa imabala mkangano. Ndinayeza bondo langa ndi rula, n'kupeza masentimita 48. Sunday anandiseka kuti ndayeza bondo lolakwika, poti inu achemwali ndinu aafupi, ndiye madziwo ndi ochepa kuposa mmene ndikuopera. Ndinalemba 48.

Tsopano ndifike pamene panalakwika. Tisanapite kwa a Naison ulendo wachiwiri, abambo anandiitana kuchipinda kwawo. Anandilamula kuti munthu wakunja asadziwe za ulendo wawo. Anati wodwala akamabwerera kwawo kukapuma salengeza, chifukwa ena amayamba kumulira ali moyo, ndipo ena amtima woipa amamutsekera njira. Anati bambo awo anawaphunzitsa choncho, ndipo pamene ankachoka kumudzi mu 1961 anadziwa ndi anthu awiri okha. Ine ndakhala mlembi wa mpingo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo za kutsekerana njira sindizikhulupirira. Koma anali mawu a abambo, ndipo ndinalonjeza.

Pa 8 Okutobala ndinapereka pepala lija kwa a Naison. Analiwerenga bwinobwino, kenaka anafunsa chimene chidzakhale kumbuyo popeza mipando tachotsa. Ndinayankha kuti katundu. Anafunsanso kuti katundu wanji. Anati ngati ndi majarini kapena makandulo okagulitsa ku Malawi tinene msanga, chifukwa paipi ikakwera chotero pansi pa galimoto pamafunda. Sunday anayankha kuti ndi katundu wakale wosasungunuka, ndipo onse amene anali pamenepo anaseka. Ine ndinatenga pepala lija n'kuwonjezera ndi cholembera changa mfundo yachisanu, kuti kumbuyo kudzakhala katundu. Achemwali, pepalalo ndili nalo pano. Ndi dzanja langa. Munthuyo anafunsa kawiri, ndipo anatchula za kutentha ndikumva ndi makutu anga. Ndinaganiza kuti matiresi ndi yokhuthala mokwanira.

A Naison anagwira ntchito monga pepala linanenera. Paipi anaidutsitsa moyandikana kwambiri ndi chitsulo cha pansi pa galimoto, n'kuitulutsira kumanzere, kutsogolo kwa wilo la kumbuyo, pansi penipeni pa zenera. Malo otsikitsitsa anali masentimita 52 kuchokera pa dothi. Ndinayeza ndekha, ndipo ndinawayamikira. Galimoto itafika pakhomo inkalira mokweza kuposa kale. Abambo anaimva ali pabedi, ndipo anauza mkazi wanga Emily kuti tsopano ikulira ngati galimoto yoti ikafika ku Dedza. Tsiku limenelo anadya chakudya chonse, chinthu chimene anali asanachite kwa milungu itatu.

Ine ndinaumirira kuti tiyambe tayesa, pakuti munthu sanyamula nkhalamba kudutsa mayiko atatu pa chinthu chosayesedwa. Loweruka pa 19 Okutobala, cha m'ma 9 koloko m'mawa, tinawagoneka abambo pa matiresi n'kulowera msewu wa ku Dema. Sunday ankayendetsa, ine ndili pambali pake ndi wotchi, Emily atakhala pa kampando kumbuyo pafupi ndi mutu wawo. Abambo anati mphepo ikuwalowa m'chifuwa, choncho tinatseka mazenera a kutsogolo. Zenera la kumbuyo kumanzere silinkatsekeka bwino chigulireni galimotoyo. Tonse tinkadziwa zimenezo, koma palibe anaziganizira.

Poyamba ankayankhula. Ankatchula midzi imene tidzadutse tikawoloka malire, ina mwina kulibenso. Patapita mphindi makumi atatu anakhala chete. Ndinatembenuka kawiri n'kuwafunsa ngati ali bwino, ndipo kawiri konse anakweza dzanja kuti tipitirire. Ndinalemba m'kabuku kanga kuti wodwala wagona mwamtendere. Pa mphindi makumi anayi ndi zisanu Emily anati mutu ukumupweteka ndipo akumva nseru. Pofuna kutsamira anagwira m'mphepete mwa matiresi, n'kuchotsa dzanja msanga. Tinaima. Pulasitiki yokutira matiresi inali itasungunuka ku mbali ya kumanzere. Abambo sankayankha titawaitana. Pa ntchafu ndi pa chiuno panali patatuluka matuza.

Kuchipatala anakhalako masiku asanu ndi limodzi. Dokotala anati utsi unawalowa wambiri ndipo chifuwa chawo, chimene chinali chofooka kale, chabwerera m'mbuyo. Anati bala la moto pa munthu wa msinkhu wawo, wodwalanso shuga, limachedwa kupola. Analetsa ulendo wautali uliwonse kwa milungu isanu ndi itatu, ndipo anawonjeza kuti ngakhale imeneyo sakulonjeza. Ndinawerenga pa kalendala. Milungu isanu ndi itatu ikutha Khirisimasi ili pafupi, pamene Nankhungu amakhala atadzaza kale, ndipo inu munalemba kuti saphwa mpaka mu Epulo.

Tsiku lachitatu abambo atayamba kuyankhula bwino, ndinawafunsa chifukwa chake sananene kuti akupsa. Anati anamva kutentha tisanatuluke n'komwe m'tauni, ndipo utsi anaumvanso. Koma anadziwa kuti akangodandaula, ine ndidzalemba m'kabuku kanga kuti ulendo sungatheke. Anati anaganiza kuti akapirira ola limodzi, ndiye kuti apambana mayeso anga.

A Naison atamva, anabwera okha kunyumba. Sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangofunsa chifukwa chimene tinawabisira kuti kumbuyoko kugona a sekuru, monga anthu a kuno amatchulira agogo. Anati iwonso ali ndi bambo wokalamba, ndipo akanadziwa, paipiyo akanaitulutsira kumbuyo kwenikweni n'kuika chitsulo chotchinga kutentha, ntchito ya theka la tsiku chabe. Anati m'zaka zonse zimene akhala akuwotcherera sanapwetekepo munthu, ndipo ife tawapweteketsa nkhalamba ndi manja awo. Ndinawauza za lamulo la abambo. Anati nawonso kwawo ali ndi miyambo yotero ndipo saiderera, koma mmisiri ndi sing'anga sawabisira pamene pakupweteka. Ndinavomereza kuti akunena zoona.

Anatenga galimoto tsiku lomwelo. Anadula paipi ija, n'kupinda ina yotulukira kumbuyo, yokwerabe bwino. Anaika chitsulo chotchinga pansi ponse, anamata mabowo a dzimbiri, anakonzanso zenera lija ngakhale si ntchito yawo. Ine ndinagona pa matiresi yatsopano, Sunday n'kuyendetsa maola awiri mazenera ali otseka. Sipanafunde ngakhale pang'ono, utsi sunamveke. Galimoto tsopano ilibe vuto lililonse. Yaima pabwalo, moyang'anana ndi zenera la chipinda cha abambo, ndipo apempha kuti katani isamatsegulidwe.

Pakhomo pano zinthu sizili bwino. Sunday sadya kwathu masiku ano. Akuti mawu ake a katundu wosasungunuka aja samuchoka m'mutu. Emily amatsuka bala kawiri pa tsiku, ndipo ndi iye yekha amene abambo amamulola kuwakhudza. Mwana wanga Tinotenda amakhala nawo akaweruka ku ntchito. Iwo amamuyankhula m'Chichewa, iye amayankha m'Chishona, koma amamvana kuposa mmene ine ndi iwo tikumvanira pakali pano. Kwa ine amangoyankha moni. Ndayesa kufufuza njira ina. Ndege dokotala wakana chifukwa cha chifuwa. Njira yozungulira mtsinje inu munati kulibe. Ndalemba njira zinayi pa pepala ndipo zonse ndazikhwatcha. Moyo wanga wonse ndakhala ndikukhulupirira kuti chinthu chikalembedwa mwadongosolo chimayenda. Pano ndalemba zonse, ndipo palibe chimene ndingachite kuti bala lipole mvula isanagwe.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani inuyo. Ndikudziwa kuti ino ndi nthawi yokonza minda, kuti mwendo ukukuvutani, ndiponso kuti chibadwire simunatulukepo m'dziko. Ndikudziwanso kuti pasipoti munatenga chaka chatha pa ulendo wa amayi a mpingo umene unalephereka uja, choncho za pamalire sizivuta. Sindikukupemphani chifukwa choti ndili ndi ufulu wopempha. Inu munasesa nyumba, munakonza bedi, munauza abale, ndipo ine ndi amene ndakulandani mlendo wanu. Koma dokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti amene akufuna kuwaona asadikire Epulo.

Dzulo, Lamulungu pa 3 Novembala, titaweruka ku tchalitchi, tinakhala pansi m'chipinda cha abambo. Chimene tatsimikiza ndi ichi. Ulendo wa abambo waimitsidwa kufikira dokotala atalola ndi mtsinje utaphwa. Sunday adzanyamuka kuno Loweruka pa 16 Novembala ndi galimoto yomweyo, mipando itabwezeretsedwa, kudzera ku Nyamapanda ndi ku Tete, ndipo adzafika kwanu pa 17 kapena pa 18. Adzagona usiku umodzi wokha, chifukwa mvula ikangoyamba galimoto idzatsekeredwa tsidya lanulo. Mukavomera, adzabwera nanu. Mukalephera, tumizani mawu pa lamya ya mwana wanu Easter lisanafike tsiku la 14.

Amene anavomereza ndi ine, Sunday ndi Emily. Tinotenda analipo monga mboni. Abambo anamvetsera zonse atayang'ana kukhoma. Nditawafunsa maganizo awo, anati tikuuzeni kuti mubwere, adzakondwa kukuonani, koma mudzi simungaunyamule pa galimoto. Kenaka anauza Emily kuti atulutse jekete yawo yakuda m'sutikesi, aipachike, ingakwinyike pachabe. M'buku la banja ndalemba kuti abambo sanakane. Sindinalembe kuti anavomera.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Easter ndi ana ake, kwa amalume aang'ono amene anakonza denga la nyumba yofikira abambo, ndi kwa azakhali ngati akumvabe. Muwauze zoona zake monga ndalembera muno, osachepetsa mbali yanga. Emily, Sunday ndi Tinotenda akupereka moni. Mutikumbukire m'mapemphero.

Ndine mlongo wanu,

Kefasi Hezekiah Chadza