Mphatso Yandiyalutsa pa Sikelo

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, Chisomo wayamba kukwawa, koma ine mtima wanga suli m'malo.

Paja achipatala anandiletsa kuyamwitsa, ndiye mkaka wa mwana ndimakagula mobisa ku Boma. Sitolo imene ndimagulako inandipatsa khadi lotsitsira mitengo nditalembetsa dzina ndi kumene ndimagwira ntchito. Ndinkakondwa, poti sopo ndi shuga ndinkapeza motchipa.

Lachisanu tikuyezetsa tiyi pa sikelo, kunabwera bambo wa kusitoloko pa njinga yamoto. Anaitana mokweza kuti, "Mayi Makwinja, palibe wokuposani pogula mkaka wa ana, landirani mphatso!" Anandipatsa zitini ziwiri aliyense akuona.

Anaphiri, anzanga othyola nawo tiyi, anandiyang'ana pachifuwa n'kufunsa kuti, "Kodi mawerewo atani?" Ndinangonyamula zitinizo n'kuchokapo. Chiyambireni tsikulo ndimadya ndekha, ndipo kapu imene ndamwera palibe woigwira.

Khadilo ndaliotcha. Mkakawo Chisomo akumwa, nanga ndikanatani?

Chonde mayi musawauze. Mundifunireko ntchito kumeneko, ngakhale yochapa, chifukwa kuno sindikuona pokhalira.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati